Kulondola Madzi a Pansi pa Lusaka

Mvula ikagwa usiku mu Lusaka, m'mawa mwake mumadziwa kumene munthu wachokera pongomuyang'ana kumapazi. Amene abwera wapansi kuchokera ku Kanyama kudzera mu Los Angeles Road amafika pa City Market atavala majombo, nsapato za kuntchito atazinyamula m'manja. Otsika minibasi za ku Woodlands ndi ku Kabulonga pa Kulima Tower amafika nsapato zikunyezimira. Ulendo wanga ndinauyambira pamenepo, pakati pa mwezi wa February, dzinja lili pachimake. Ndinkafuna kuona ndi maso anga kumene mzinda uno umasunga mafuta a galimoto, kumene umatunga madzi akumwa, ndi kutalikirana kwa malo awiriwa.

Pakati pa minibasi zodikira anthu pa Kulima Tower pali zithaphwi zimene sizimauma mpaka mvula itatha. Mukawerama n'kuyang'anitsitsa, pamwamba pa madziwo pamayandama kamafuta kobiriwira, kofiirira, kotuwa, kakusinthasintha mitundu. Kondakitala wina anatukula mpando wakutsogolo n'kuyamba kuthira oilo mu injini kuchokera m'botolo la zakumwa, wina akulowa m'malo mwake, wina akudontha pansi. Palibe amene anatembenuka. Ena mwa madzi amenewa amatsata ngalande mpaka kukathera mu mtsinje wa Ngwerere kumpoto kwa mzinda. Ena amangolowa pansi pomwepo.

Kuti mumvetse kukula kwa nkhani ya kulowa pansiku, imani pamene anthu akukumba maziko a nyumba, kaya ku Kamwala kaya ku Chawama. Dothi ndi lochepa. Piki ikangolowa pang'ono imagunda mwala wotuwa wa mtundu wa laimu, umene akatswiri a miyala amautcha dolomite, womwe uja amayi a ku Kalingalinga amaswa ndi nyundo m'mbali mwa Alick Nkhata Road n'kumagulitsa m'milumilu. Mwala umenewu umadyeka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, ndipo pa zaka zikwizikwi wasanduka ngati m'kati mwa chulu cha chiswe, mayenje ndi tinjira tolumikizana paliponse. Kumadera a mchenga ndi dothi lakuya, madzi a mvula amatenga nthawi yaitali akusefeka asanafike pa madzi apansi, ndipo tizilombo tambiri timafera m'njira. Kuno amatsika msangamsanga m'ming'alu, osasefeka, atanyamula chilichonse chimene apeza pamwamba.

Madzi ochuluka a m'mwala umenewu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma la atsamunda linasankhira malo ano kukhala likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo likululo linasamukira kuno mu 1935. Njanji inali itafika kale mu 1905, ndipo kufupi nayo kunkadikha madzi dzinja lililonse, n'chifukwa chake maofesi a boma anakawamanga kumtunda, ku Ridgeway. Lero boma la Lusaka lili ndi anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, ndipo akumwabe madzi omwewo. Kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation imapopa madzi ena mu mtsinje wa Kafue, n'kuwayeretsa pa Iolanda, koma kwa zaka zambiri oposa theka la madzi ake akhala akuchokera m'mijigo yoposa 100 ya mu mzinda momwemuno ndi m'mphepete mwake, kuphatikizapo chitsime chachikulu cha Shaft 5 cha ku Lilayi. Apa sitinawerengere mijigo zikwizikwi ya m'mayadi a anthu, ya m'masukulu, m'mafakitale ndi m'matchalitchi. Lusaka amamwa madzi ochokera pansi pa mapazi ake.

Ndinawoloka Lumumba Road n'kulowera kumadzulo, kudera la mafakitale akuluakulu. Fungo limayamba kukulandirani musanaone chilichonse. M'mbali mwa Mungwi Road ndi Buyantanshi Road ndi mmene muli nkhokwe za mafuta za makampani ogulitsa petulo ndi dizilo, mathanki oyera ataliatali akusuzumira pamwamba pa mipanda. Malole onyamula mafuta amandanda m'mbali mwa msewu, ena a manambala a ku Tanzania, ena a ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Petulo amabwera pa msewu kuchokera kumadoko monga Beira ndi Dar es Salaam, komwenso amachokera mafuta a ku Malawi. Dizilo wambiri amayenda mu paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, imene inamangidwa mu 1968 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola. Kale inkanyamula mafuta osayenga kupita ku fakitale ya Indeni, koma kuyambira mu 2023 imanyamula dizilo woyenga kale, ndipo kuchokera ku Ndola amabwera kuno pa malole.

Madalaivala amadikira masiku. Pansi pa lole ina, awiri anali atayala katoni akuphika pa mbaula, patali pang'ono ndi thanki. Amayi ogulitsa nsima anandanditsa mapoto pansi pa mtengo, ndipo mtsikana wowathandiza ankatsuka mbale ndi madzi a m'chigubu chachikasu chimene poyamba chinali cha mafuta ophikira. Kuseri kwa lole ina yopanda katundu, mnyamata anagwada n'kutchera chidebe kukamwa kwa paipi yotsitsira mafuta, kudikira madontho otsalira. Dothi la pamene anagwadapo linali lakuda bii, lonyowa koma losakhala matope, ndipo madzi a mvula ankangodutsa pamwamba pake osalowerera. M'mbali monse mwa msewuwo simumera udzu.

Tinene zoona: mathanki aakulu a pamtunda ali ndi ubwino wake. Amaonekera. Malamulo amafuna kuti akhale pa simenti, atazunguliridwa ndi khoma lotchinga mafuta akatayika, ndiponso kuti madzi otuluka pamalopo adutse m'dzenje lolekanitsa mafuta ndi madzi asanalowe m'ngalande. Bungwe la Energy Regulation Board (ERB) ndi limene limapereka ziphaso ndi kuyendera malo otere, ndipo la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011, limayang'anira za kuipitsidwa kwa nthaka ndi madzi. Koma dera lino lakhala likusunga mafuta kwa zaka makumimakumi, kuyambira kale malamulo amenewa asanakhwime, ndipo chilichonse chimene chinalowa pansi nthawi imeneyo sichinachoke chifukwa choti pamwamba pathiridwa simenti.

Mafuta akalowa pansi amatsika mpaka atapeza madzi. Petulo ndi dizilo n'zopepuka kuposa madzi, choncho zimayandama pamwamba pake. Dzinja madzi apansi akakwera, mafutawo amakwera nawo. Chilimwe akatsika, amatsika nawo, n'kumapaka mwala wonse wa pakatipo, moti chaka chilichonse mvula imatsukanso mwalawo n'kutsitsira zotsukazo m'madzi. Gawo lina la petulo limasungunukiratu m'madzimo, losaoneka ndi maso. Loopsa kwambiri ndi benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi munthu akamamwa kapena kupuma kwa nthawi yaitali. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati benzene asapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Tiwerengetse pamodzi. Ngati petulo ali ndi benzene gawo limodzi pa magawo 100, lita imodzi yokha ya petuloyo ili ndi benzene wokwanira kufikitsa malita oposa 800,000 a madzi pa mulingo umenewo. Chidebe cha mnyamata uja chikagubuduka, nkhani yake ndi imeneyo.

Anzathu a ku Nigeria anaziona. Mu 2011 bungwe la United Nations loona zachilengedwe, UNEP, linatulutsa lipoti la dera la Ogoni, ndipo pa mudzi wa Nisisioken Ogale linapeza anthu akumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene wochuluka ka 900 kuposa mulingo wa WHO, pamwamba pa madzi apansi pakuyandama mafuta okhuthala masentimita 8. Malowo anali pafupi ndi paipi ya mafuta oyenga kale, ngati omwe ali m'mathanki athuwa.

Madzi a m'mwala wa Lusaka sakhala malo amodzi. Amayenda kuchokera kumtunda kwa kumwera chakum'mawa kulowera kumpoto chakumadzulo. Mukaima pa Mungwi Road n'kuyang'ana kumene akulowera, mukuyang'ana ku George, ku Lilanda, ku Zingalume ndi ku Chunga, makomboni odzaza anthu. Chakumwera, kungodutsa Chinika ndi Mumbwa Road, kuli Kanyama. Pulofesa Daniel Nkhuwa wa pa yunivesite ya Zambia anayamba kulemba za kuopsa kwa mwala umenewu m'zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake bungwe la ku Germany la BGR, mogwirizana ndi dipatimenti ya boma yoona za madzi, linajambula mapu osonyeza kumene madzi apansi savuta kuipitsidwa. Madera a kumadzulo ndi kumwera kwa mzinda, monga Kanyama, John Laing ndi Misisi, ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu. Chidziwitso chilipo, ndipo chakhalapo kwa nthawi yaitali.

Ndinalowa m'mphepete mwa Kanyama, mpaka pamene majombo anga anathera mphamvu. Kuno madzi apansi ali pafupi kwambiri moti dzinja amatumphuka okha m'mabwalo a nyumba. Madzi saiwala khwawa, ndipo Kanyama linali dambo. Zimbudzi zambiri anazimanga mokweza, zokwera ndi masitepe, chifukwa mwala sulola kukumba dzenje lakuya, ndipo dzenje limene lakumbidwalo limadzaza madzi ochokera pansi. Chitsime chosazama chili apa, chimbudzi chili apo, pakati pake mapazi owerengeka a mwala wobowokabowoka.

Zotsatira zake aliyense mu Lusaka akuzidziwa. Kolera imene inabuka mu October 2017 inayambira ku Chipata komboni n'kufalikira ku Kanyama, ndipo pofika mwezi wa May 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala mu Lusaka mokha, pafupifupi 100 atamwalira. Asilikali analowa m'misewu kukachotsa zinyalala, ogulitsa m'mbali mwa misewu anathamangitsidwa, zitsime zosazama zinakwiriridwa. Madzi atayezedwa nthawi imeneyo, tizilombo ta E. coli, timene timasonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi, tinapezeka pafupifupi m'zitsime zosazama 9 mwa 10 zilizonse, ndiponso m'mjigo umodzi mwa itatu. Mfundo yachiwiriyi ndi imene anthu akumayadi ayenera kuimvetsetsa, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti mjigo ukakhala wakuya, basi madzi ake ndi abwino. Kolera inabweranso mu October 2023, moopsa kuposa poyamba. M'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu sizinatsegulidwe mpaka mu February 2024.

Amayi ena amene ndinawapeza pa mzere wa pa kiyosiki ya madzi anandionetsa kabotolo ka klorini kamene amasunga m'thumba la chitenje. Amadziwa mlingo wa chigubu cha malita 20, amadziwa kudikira asanamwe, amadziwa kuwiritsa klorini akatha. Maphunziro a zaumoyo anafika ndipo anthu anamva. Chimene chinandivuta mumtima n'chakuti nzeru zonsezi zimagwira ntchito pa tizilombo tokha. Klorini sachotsa petulo. Kuwiritsa kumangotulutsa mpweya wa mafutawo kuti aupume amene akuphika ndi mwana ali kumsana. Chimbudzi ndi mafuta zimalowa pansi kudzera m'ming'alu imodzimodzi, koma china chimagwetsa munthu tsiku lomwelo mpaka dziko lonse kudzidzimuka, pamene chinacho chimadya mwakachetechete kwa zaka, popanda wodziwa kuti chinayambira pa madzi.

Ndinabwerera m'tauni, n'kudutsa Kamwala kulowa mu Burma Road kupita ku Kabwata. Ili ndi dera lakale, limene atsamunda anamangira antchito achikuda tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Totsala mwa tinyumbato ndi timene lero tili Kabwata Cultural Village, kumene amisiri amasema ziboliboli. Kabwata ali ndi mipopi ndi mapaipi a suweji, zimene anthu ambiri mu mzinda uno alibe, popeza mwa anthu 10 alionse a mu Lusaka, 7 amakhala m'makomboni, kumene pafupifupi aliyense amadalira chimbudzi chokumba. Koma mapaipi akakalamba amachucha. Kuseri kwa mafulatsi ena ndinapeza chivindikiro cha suweji chitatukuka, madzi akuda akuyenda m'kanjira ka anthu, ana akudumphira pa njerwa. Kumene madzi a m'mpopi amabwera maola owerengeka pa tsiku, paipi ikakhala yopanda kanthu imayamwa madzi a m'dothi loizungulira kudzera pamene yang'ambika, ndipo oyamba kutunga madzi akabwera ndi amene amalandira zimenezo.

Chapafupi ndi msika, pansi pa mtengo waukulu, pali galaja yopanda denga. Ndinakhala pa tayala lakale n'kumaonerera. Makaniko, mdala waimvi wa ovolosi yong'ambika m'mawondo, analowa chagada pansi pa galimoto yaing'ono, namasula kabawuti ka pansi pa injini. Oilo wakuda anatsika ngati chingwe, kugwera m'chigubu chodulidwa pakati. Anagwira ntchito yake mosamala, ndipo sanataye dontho. Atatuluka anakhuthulira oiloyo m'dilamu ya buluu imene inali pafupi kudzaza. Ndinawafunsa kuti, “Bambo, dilamuyi ikadzaza mumapita nayo kuti?”

“Amabwera okha ogula, mwana wanga,” anatero akupukuta manja pa sanza. “Ena amapaka matabwa a denga kuti chiswe chisadye. Ena amakathira m'chimbudzi, fungo limatha, ntchentche zimathawa.”

Sanalankhule ngati munthu amene akubisa kanthu. Kwa iwo uku n'kuthandiza anthu, ndipo n'zoonadi kuti ntchentche zimathawa. Koma taganizirani dzenje la chimbudzi limene pansi pake pakhudza madzi apansi, ndipo muthiremo malita angapo a oilo wotha ntchito, wodzaza ndi tizitsulo ta mu injini ndi mwaye wa mafuta opsa. Zoipa ziwiri zija zakumana m'dzenje limodzi, ndipo zitsikira limodzi. Mdalayu sindimuimba mlandu. Akanakhala ndi malo odziwika okasiyako oilo n'kulandira kangachepe, bwenzi akupita naye kumeneko. Pafupi ndi galajayo anyamata otsuka galimoto ankapopera injini ndi paipi, thovu ndi girizi zikuyenderera kulowa m'dothi, madzi akewo akuchokera m'mjigo wa pamalo pomwepo.

Kuchoka ku Kabwata kudutsa Libala ndi Chilenje, msewu umakwera pang'onopang'ono, mitengo imachuluka, phokoso limachepa. Ku Woodlands mipanda ndi yaitali, ya waya wamagetsi pamwamba, ndipo kuseri kwa pafupifupi mpanda uliwonse kumasuzumira thanki yobiriwira ili pa nsanja yachitsulo. Thanki iliyonse yotere ikutanthauza mjigo wa pampu ya magetsi, kapena madzi a m'mpopi osadalirika, kawirikawiri zonse ziwiri. Kuno n'kokwera, madzi apansi ali patali kusiyana ndi ku Kanyama, ndipo zimenezi zimathandiza. Koma m'madera atsopano a mbali ino, monga Chalala ndi Woodlands Extension, nyumba zambiri zinamangidwa suweji isanafike, ndipo zimadalira sepitiki thanki ndi dzenje lomwetsera madzi ake m'nthaka.

Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo a mijigo kudzera ku bungwe la WARMA, limene limayang'anira madzi a dziko lino. Mjigo uliwonse uyenera kulembetsedwa, obowola ayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo mjigo uyenera kutalikirana ndi chimbudzi kapena sepitiki thanki mamita osachepera 30. Lamulo ndi labwino. Koma yendani mu Chalala muone kukula kwa mapuloti. Pa puloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, mwini wake akhoza kuika mjigo kutsogolo, sepitiki thanki kumbuyo, n'kudziona kuti wasamala. Mnansi wake wa kuseri kwa khoma waika zake mosemphanitsa, moti sepitiki thanki ya uyu yagundana ndi mjigo wa uyo. Khoma limathera pa maziko. Pansi pake madzi ndi amodzi.

Chinthu china chatsopano kumayadi ndi majenereta. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko mu February chaka chimenecho, chinachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba mpaka magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Aliyense wokwanitsa anagula jenereta. Pa nyumba ina imene inasanduka ofesi, geti lili lotsegula, ndinaona jenereta yaikulu ili pa dothi, pambali pake madilamu awiri a dizilo, ndipo kapaipi kopopera kali lende, kakudontha. Mamita ochepa kuchokera pamenepo panali kabokosi ka simenti kovindikira mjigo. Nkhokwe zazing'ono zotere zabalalika mu mzinda wonse, m'maofesi, m'malo ogona alendo, m'masukulu, ndipo zambiri zili pa dothi lopanda simenti.

Ku Kabulonga ndinafika dzuwa litapendeka, ndipo ndinaima pa malo ena omwetsera mafuta, aukhondo, owala, pansi posesedwa bwino. Malo otere achuluka kwambiri mu Lusaka zaka zapitazi, moti m'misewu ina mumachoka pa ena n'kuona ena patsogolo. Mathanki ake ali pansi pa simenti imene galimoto zimaimapo. Mnyamata wa yunifolomu anatsegula chivindikiro chachitsulo, natenga ndodo yaitali yolembedwa manambala, napaka kumapeto kwake mankhwala onga phala, n'kuitsitsa m'thanki. Ataitulutsa anawerenga pamene mafuta alekeza n'kulemba m'buku, kenaka anayang'ana kunsonga kuja. Anandifotokozera kuti phalalo likasintha mtundu ndiye kuti pansi pa thanki pali madzi. Ndinamufunsa kuti, “Nanga achimwene, mafuta a m'buku akapanda kugwirizana ndi a pa ndodo?” Anaseka pang'ono. “Bwana, ndiye kuti ife tidulidwa malipiro.”

Yankho limenelo ndi limene linanditsegula maso pa ulendo wonsewu. Thanki yachitsulo yokwiriridwa m'dothi lonyowa imachita dzimbiri, ndipo polumikizira mapaipi pamamasuka. Kabowo kake kamayamba kochepa ngati nsonga ya singano, n'kumataya malita owerengeka pa tsiku. Pa malo ogulitsa malita zikwi zingapo tsiku lililonse, kuperewera kotere n'kosavuta kukunena kuti ndi kutentha kwa dzuwa, kapena pampu yalakwitsa, kapena anyamata aba. Chaka chikamatha, malita mazanamazana ali pansi. Ndipo bowo limene limalowetsa madzi m'thanki dzinja ndi lomwelo limene limatulutsa petulo chilimwe. Njira zotetezera zilipo ndipo n'zodziwika: mathanki a makoma awiri okhala ndi kachipangizo kochenjeza pakati pake, kuyeza thanki ndi mpweya pa nthawi yoikika kuti aone ngati ikuchucha, ndi timijigo ting'onoting'ono tozungulira malowo totungiramo madzi okayeza. Malo atsopano ambiri amamangidwa bwino. Nkhawa yanga ili pa akale, ndi pa amene anatsekedwa n'kusanduka mashopu, mathanki ake atasiyidwa pansi.

Kum'mawa kwa Kabulonga, kupitirira Ibex Hill, kuli nkhalango ya boma ya Lusaka East, imene anthu amangoitcha Forest 27. Kumeneko ndi kumene mvula imalowa pansi n'kubala mtsinje wa Chalimbana. Kuyambira mu 2017 zigawo zina za nkhalangoyi zinachotsedwa m'kaundula wa nkhalango zotetezedwa n'kugawidwa mapuloti, ndipo anthu okonda chilengedwe anakadandaula kukhoti. Nyumba ikamangidwa pa malo otere imabwera ndi sepitiki thanki yake, jenereta yake, ndipo posakhalitsa pamsewu pake pamabwera malo omwetsera mafuta. Tisadzinamize kuti tikawononga apansi tidzathawira ku Kafue. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi analowa mu mtsinjewo, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi.

Ndinamalizira ku Chelstone, m'mbali mwa Great East Road, msewu wopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ku Chipata ndi ku Malawi. Thanki yamadzi yaitali ya ku Chelstone imaonekera patali, ndipo makondakitala amaitchula ngati siteji. Mbali ino inapindula ndi ntchito yaikulu ya madzi, suweji ndi ngalande ya madola 355 miliyoni imene dziko la America linathandiza kudzera ku Millennium Challenge Corporation pakati pa 2013 ndi 2018: maiwe a suweji a ku Kaunda Square anakonzedwa, mapaipi anayalidwa ku Mtendere, ku Kwamwena ndi ku Ndeke. Komabe mzinda ukuthamanga kuposa mapaipi. Kuseri kwa Chelstone nyumba zikumera tsiku ndi tsiku, ndipo phokoso la makina obowola mijigo silitha. Ndinaimirira pa ena akubowola, fumbi loyera la mwala likufuka, mpaka madzi anatumphuka ndipo eni puloti anaomba m'manja. Mjigo ukabowoledwa mothamanga, osatseka bwino ndi simenti m'mbali mwa paipi kumtunda kwake, umasanduka njira yolunjika yotsitsira madzi akuda a pamwamba kupita pansi. Zotsika mbali ino zimalowera ku Ngwerere ndi ku Chalimbana, mitsinje imene imathira mu Chongwe, kumene alimi amathirira ndiwo zamasamba zimene zimabwerera ku msika wa Soweto.

Amayi a nyumba ina ya ku Chelstone anandionetsa monyadira pepala la ku labotale la madzi a mjigo wawo. Anachita bwino kukayezetsa, ndipo ndi ochepa amene amatero. Pa pepalapo panali za tizilombo, za mchere wa nitrate, za chitsulo ndi za kuuma kwa madzi. Za mafuta panalibe, ngakhale kuti malo omwetsera mafuta ali kungowoloka msewu. Kuyeza mafuta m'madzi kumafuna makina ena, botolo lagalasi lodzaza mpaka kukamwa, ndiponso ndalama zochulukirapo, ndipo sakuyezerani ngati simunapemphe.

Apa ndi pamene ndikuona kuti mabungwe athu ayenera kusintha kachitidwe. ERB imadziwa pamene pali thanki iliyonse yololedwa ndi zaka zake. WARMA ili ndi kaundula wa mijigo. ZEMA ili ndi mphamvu yolamula woipitsa kuti akonze ndi ndalama zake. Mapu a mwala alipo. Zinthu zimenezi aziike pa tebulo limodzi, ayambe ndi mathanki akale okhala pa mwala wobowoka, ayeze mijigo yowazungulira ngati ili ndi mafuta, ndipo zotsatira zake azimate pa geti la malowo ndi pa ofesi ya khansala kuti mayi wa ku George ndi bwana wa ku Kabulonga onse aziwerenge. Kuyeretsa madzi apansi mafuta atalowamo kumatenga zaka zambiri ndi ndalama zoposa mtengo wa thanki yatsopano, ndipo m'mwala wa ming'alu ngati uno nthawi zambiri sikutheka n'komwe; mjigo amangoutseka.

Inu amene muli ndi mjigo pafupi ndi malo omwetsera mafuta, galaja kapena jenereta yaikulu, kaya mu Lusaka, ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Tete, yezetsani madzi anu mvula ikayamba, ndipo nenani momveka kuti ayezenso mafuta. Oilo wotha ntchito musamathire m'chimbudzi. Tsiku limene madzi anu adzamveke kafungo ka petulo kapena palafini, ngakhale pang'ono, musawawiritse: lekani kumwa ndi kuphikira, dziwitsani anansi anu tsiku lomwelo, ndipo kaneneni ku ZEMA ndi ku WARMA, kapena ku ofesi ya zachilengedwe ya kwanuko.